Che Lajabu ndi Batani la Inde

Sadaka ya masiku makumi anayi ya Che Lajabu inachitika Lamlungu lapitali kwawo kwa Mponda. Ine sindine Msilamu, koma ana awo anandipatsa malo pamkeka pafupi nawo. Pobwerera ndinayenda limodzi ndi Mayi Chikafa, namwino wa pachipatala pathu. Titafika pokwerera kabaza, iwo anangoti pakanapanda bambo aja bwenzi pano akugulitsa tomato kwawo ku Ntcheu. Anakwera n'kumapita.

A Mbewe, amene kale anali mkulu wa chipatalachi, sanabwere kumaliro ndipo kusadaka sanabwerenso. Sindinadabwe. Zaka zinayi zomaliza zimene anagwira ntchito limodzi, anthu awiriwa ankapatukirana pakhonde ngati sakudziwana. Ndikulemba izi chifukwa ine ndinalipo pamene udaniwo unayamba, ndipo pa tsiku loyamba sindinachite bwino.

Chipatala chathu n'chaching'ono, cha bungwe osati cha boma. Ine ndine kalaliki, ndimasunga makaundula. Zolembedwa zonse za odwala zimakhala mu seva, kompyuta yaikulu imene ili m'kachipinda kuseri kwa mosungira mankhwala. Makompyuta a polandirira odwala, a ku labu ndi a ku mateniti onse amatunga m'menemo. Seva ikagona, chipatala chonse chimaima. Amene ankaiyang'anira anali Che Lajabu.

Anali munthu wamfupi, wa kofiya yoyera, wa magalasi omangidwa ndi kawaya ka telefoni mbali imodzi. Paunyamata ankakwera mapolo a matelefoni njira ya ku Namwera. Kenako anapita ku Joni monga achitira ambiri kuno, koma m'malo mwa ntchito ya m'munda kapena ya m'sitolo, anapezeka m'kampani yosamalira makina akuluakulu ndipo anaphunzira komweko, kuyambira pa kukoka mawaya mpaka kulemba mapulogalamu. Anabwera tsitsi litayera, ali ndi chifuwa chosatha. Za ku Joni sankazikamba.

Sanali munthu wophweka. Akakhala pa ntchito sankayankha moni, chinthu chimene kuno anthu sachikhululukira msanga. Mlonda wina atazula waya wa seva kuti atchaje foni yake, Che Lajabu sanamukalipire. Anangomata soketiyo ndi simenti, ndipo simentiyo ilipo mpaka lero. Ine anandinyanyala sabata yathunthu atapeza kuti ndinalemba mawu anga achinsinsi kuseri kwa kalendala. Atandikhululukira anabwera ndi tiyi wa m'fulasiki yawo, kundithirira, ine n'kunena zikomo, iwo n'kuyankha sikomo mwa Chiyao chawo. Nkhani inathera pomwepo.

Poyamba seva ija inkalamulidwa pa sikirini yakuda, polemba mawu a Chingerezi oduladula amene ankawadziwa ndi iwo okha. Chaka china anadwala malungo n'kugona masiku asanu ndi anayi. Namwino watsopano anakhala masiku onsewo osatha kulowa m'kompyuta chifukwa panalibe womulembetsa. Che Lajabu atadzuka anati zimenezi n'zamanyazi, nyumba imene mlendo sangalandiridwe mwini wake akachoka ndiye kuti sinamangidwe bwino. Anati aimangira seva ija khonde, malo amene munthu wamba angafike, kuona mmene zinthu zilili ndi kuchita zofunika popanda kulowa m'kati. Dzinalo linakhazikika. Mpaka pano tsamba loyang'anirapo seva tonse timalitcha khonde.

Sanayambe ndi kompyuta. Anatola makatoni a mankhwala, kuwadula, kujambulapo mabokosi ndi cholembera chachikulu. Ankaika katoni patebulo n'kuitana aliyense wodutsa: namwino, mayi wokolopa, ine. Ankati tiyerekeze kuti magetsi azima ndipo batire yatsala pang'ono kutha, tikhudza pati? Nkhope yathu sankaiyang'ana, ankayang'ana chala. Ankanena kuti munthu wa kuno ukamufunsa ngati wamva amati wamva, choncho pakamwa sipothandiza, koma chala sichidziwa ulemu. Chala chikazengereza m'mwamba, ankang'amba katoniyo n'kukajambula ina. Anang'amba ambiri moti wa kosungira mankhwala anayamba kuwabisa.

Zimene zinatuluka zinali tsamba limodzi lokha. Pamwamba panali timagetsi tinayi tosonyeza batire, kutentha kwa chipinda, malo otsala mu disiki ndi kope lomaliza, ndiye kuti zolembedwa zonse zimene seva imadzikopera pambali tsiku lililonse kuopera ngozi. Kobiriwira ndiye kuti zili bwino, kachikasu samalani, kofiira itanani munthu. M'munsi munali mabatani asanu akuluakulu, onse olembedwa m'Chichewa. Zithunzithunzi zimene zimakhala m'mapulogalamu ena anazikana, ankati sangajambule chinthu chimene namwino sanachionepo m'moyo mwake n'kumayembekezera kuti achizindikire ali wotopa. Batani loopsa, lobwezera kope lakale m'malo mwa zimene zilipo, analiika pansi penipeni. Ukalidina pankabwera bokosi lofiira lonena zimene zifufutike, kenako funso lakuti mukutsimikiza, ndi mabatani awiri, Inde ndi Ayi. Ndinawafunsa ngati zimenezo n'zokwanira. Anati ndi mmene amachitira kulikonse, ngakhale ku Joni.

Chinanso chimene ankanyadira chinali kaundula wa khondelo. Aliyense wodina kanthu, dzina lake ndi nthawi yake zinkalembeka zokha. Ankati apa palibe amene adzakane mlandu wake.

M'mwezi wawo womaliza, ali gone kunyumba, ndinapita kukawazonda. Anali atawonda kwambiri ndipo ankalankhula mopumira. Sanafune kumva za odwala kapena za mvula. Anandifunsa ngati kachikasu ka kutentha kayakapo, ndipo nditati ayi anatseka maso. Patapita kanthawi anafunsa ngati ndamvako za a Mbewe. Ndinati ndinamva kuti ali ku Kasungu.

Tsiku limene udani uja unayamba linali Lachiwiri, m'dzinja, tsiku la sikelo. Che Lajabu anali atapita ku Katuli kumaliro a mlongo wawo. Msewu unali utaipa ndipo foni yawo sinkapezeka. M'mawa kunagunda mphezi, magetsi anazima, n'kuyakanso. Seva inadzuka koma pulogalamu ya odwala sinatseguke. Mzere wa amayi unafika pamtengo wa mango wa kugeti, ana akulira, mvula ikuwaza.

Sabata imeneyo wololedwa kulowa pakhonde anali Mayi Chikafa. A Mbewe anawaitana. Ndinene chilungamo: a Mbewe anali dokotala wabwino, wa manja achangu, wosafuna kuona wodwala akudikira. Anawakhazika mayiwo pampando n'kuima kumbuyo kwawo, dzanja lili pa choyedzamira cha mpandowo. Chitseko chinali chotsegula ndipo anthu ankasuzumira. Ine ndinaima pakhomo ndi kaundula m'manja.

Anadina batani loyambitsanso seva kawiri, osathandiza. Tinadzamva pambuyo pake kuti seva ija inali ikudzikonza yokha ndipo inkangofuna mphindi zochepa, koma sinkanena chilichonse, inangokhala chete ndi kagetsi kofiira. A Mbewe analoza batani la pansi lija. Mayi Chikafa analidina ndipo bokosi lofiira linabwera. Mphezi inali itaotcha disiki ya makope atsopano, moti kope lokhalo limene makina anapeza linali la masabata atatu apitawo. Bokosilo linanena zimenezi momveka bwino. Ndinaona milomo ya mayiwo ikuyenda powerenga.

"Bwana, akuti za masabata atatu zifufutika," anatero chapansipansi.

"Dinani, a Sisita. Anthu akudikira."

Chala chawo chinaima m'mwamba, monga muja Che Lajabu ankaonera pa makatoni. Kenako chinatsika pa Inde. Ine ndinali nditawerenganso bokosi lija kuchokera pakhomo pomwepo. Sindinanene kanthu.

Pulogalamu inatseguka ndipo aliyense anapuma. Sipanathe ola, wa ku labu anabwera kudzanena kuti zotsatira za magazi palibe. Amayi amene anali atachira kale ankaoneka ngati akadali oyembekezera. Mwa zotsatira zotayikazo munali za mayi wina woyembekezera wa ku Chowe, amene magazi ake anali ochepa kwambiri ndipo ankayenera kuitanidwa sabata yomweyo. Sanaitanidwe. Lachisanu anakomoka kumunda, anabwera naye atamugoneka m'ngolo. Anapulumuka, iye ndi mwana yemwe, koma mwamuna wake anaima pageti masana onse akutukwana, ndipo nkhani inafika ku komiti ya bungwe.

A Mbewe analemba lipoti lakuti namwino anabwezera kope lakale popanda chilolezo. Kaundula wa khonde anavomereza: Chikafa, nthawi yakuti. Mayiwo anapatsidwa kalata yowaimitsa ntchito, komiti idzagamula Lachinayi lotsatira. Anali mayi wamasiye wa ana atatu. Sanadandaule kwa aliyense ndipo ine sanandipemphe kanthu. Tikakumana pamjigo ankandipatsa moni mwaulemu monga kale, ndipo zimenezo zinkandisowetsa mtendere kuposa akanandikalipira.

Che Lajabu anafika Loweruka pa njinga yamoto, kanzu yonse ili matope. Analowa m'kachipinda osavula nsapato ndipo anakhalamo mpaka swala, pemphero lawo la masana, inawadutsa, chinthu chimene sindinachionepo. Atatuluka anati zambiri sizingabwerenso, tidzachita kuzilemba mwatsopano kuchokera m'timabuku ta odwala akamabwera. Kenako ananditengera m'katimo n'kutseka chitseko.

"A Kalaliki, inu munaima pati?"

Ndinawaonetsa. Anafunsa pamene a Mbewe anaima, ndinawaonetsanso. Anandiuza kuti ndiike dzanja langa pamene panali dzanja la a Mbewe, iwo n'kukhala pampando. Anakhala choncho nthawi yaitali, akuyang'ana sikirini, dzanja langa lili pafupi ndi khosi lawo. Ndinayembekezera kuti andiuza ndikachitire umboni ku komiti. Anati sandipempha zimenezo, chifukwa lilime langa ndi chala cha Mayi Chikafa n'zamtundu umodzi. Sananene mwachipongwe. Ananena monga ankanenera za batire yotha mphamvu.

Komiti inakumana m'chipinda cha sikelo. Wapampando anali mphunzitsi wamkulu wopuma pa ntchito, bambo wamtali wa mawu olemera, amene ndiye ankasaina makalata olembera ndi ochotsera anthu ntchito, ngakhale a Mbewe omwe. Ine ndinalowa ngati wolemba zokambirana. Mayi Chikafa anakhala pabenchi ya kukhoma, manja ali pamaondo. Atafunsidwa ngati anadina batanilo anati inde. Atafunsidwa ngati anawerenga chenjezo anati inde. Atafunsidwa ngati ali ndi choonjezera, anayang'ana pansi n'kunena kuti alibe. Wapampando anayamba kutseka fayilo.

Che Lajabu sanaitanidwe, koma anagogoda n'kulowa ndi laputopu kukhwapa. Anapepesa, n'kunena kuti akuluakulu asanagamule ndi bwino aone ndi maso khonde limene akulikamba, sizitenga mphindi zisanu. Anapempha a Mbewe kuti akhale pampando popeza ndiwo akudziwa bwino makinawa pakati pa onse, ndipo anapempha wapampando kuti aime kumbuyo kwawo kuti aone bwino. Wapampando anayang'ana wotchi, n'kuimirira monyinyirika. Dzanja lawo linapita lokha pa choyedzamira cha mpando.

Che Lajabu analoza batani la pansi, a Mbewe anadina, bokosi lofiira linabwera. Ndinaona a Mbewe akuliyang'anitsitsa. Anatembenuka pang'ono ngati akufuna kunena kanthu. Wapampando analibe magalasi awo owerengera ndipo ankangoona kufiira.

"Pitirizani, a Mbewe, nthawi yatha. Dinani."

A Mbewe anadina Inde.

Bokosi silinachoke. Che Lajabu anatembenuza laputopu kuloza kwa ine n'kunena kuti a Kalaliki atiwerengere. Ndinawerenga mawu onse. Panalembedwa kuti dzina la a Mbewe lichotsedwa m'kaundula wa ogwira ntchito pachipatala pano kuyambira lero, mukutsimikiza?

Che Lajabu anati palibe chimene chachotsedwa, tsambali n'longoyerekeza. Kenako anafunsa a Mbewe ngati anawerenga. A Mbewe anati anawerenga. Che Lajabu sanafunse chifukwa chimene anadinira. Anatembenukira kwa komiti, atagwira kofiya yawo m'manja.

"Wolakwa ndine," anatero. "Funso ili ndinabwera nalo kuchokera ku Joni osaliyang'ana. Ndi funso la munthu amene ali yekha m'chipinda. Kuno wodina ndi wina, wolamula ndi wina, ndipo kaundula wanga amalemba chala chokha. Ngati pali wochoka, ndichoke ine."

Wapampando anachotsa dzanja lawo pampando pang'onopang'ono, n'kuliyang'ana. Kenako anafunsa a Mbewe kuti Lachiwiri lija iwo anali pati. Ndinasiya kulemba. Ndinadziwa kuti a Mbewe akakana, funso lotsatira libwera kwa ine, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene ndikanayankha. A Mbewe anayang'ana khoma.

"Kumbuyo kwa a Sisita," anatero.

Kalata ya Mayi Chikafa inang'ambidwa tsiku lomwelo. A Mbewe anachenjezedwa, n'kupitiriza ntchito. Kuyambira pamenepo sanapatsenso Che Lajabu moni, ndipo zofunika kuwauza ankazilemba pakapepala n'kundipatsira ine. Pachipatala anthu anagawikana. Ena ankati Che Lajabu anachita bwino, ena ankati munthu wamkulu savulidwa choncho pagulu ngakhale atalakwa, akanatha kukamuona kumbali. Kusadaka kuja, akazi a Che Lajabu, Abiti Asani, anandiuza zimene sindinkazidziwa. Anati tsiku limenelo bambowo sanadye, ankangonena kuti amuchititsa manyazi munthu wa ana. Kawiri konse anapita kunyumba kwa a Mbewe atanyamula chambo, ndipo kawiri konse anabwera nacho.

Sabata yotsatira makatoni anabwereranso patebulo. Ulendo uno sankayesa munthu ali yekha. Ankaika wina pampando, wamkulu wake n'kumuimika kumbuyo. Batani la Inde analichotseratu. Masiku ano ukadina batani loopsa lija, khonde limafunsa kuti walamula ndani, ndipo wolamulayo ayenera kulemba yekha dzina lake ndi mawu ake achinsinsi. Akatero, seva imayamba yasunga pambali zonse za tsikulo, kenako imadikira mphindi khumi ndi zisanu, wotchi ikuoneka poyera. Dzina likapanda kulembedwa, pamabwera zilembo zikuluzikulu zowerengeka ngakhale uli pakhomo: SEVA YAKANA. Che Lajabu ankati wamng'ono kuno sangakanize wamkulu, ndipo iwo sangasinthe zimenezo, choncho makina ndiwo azikana n'kulandira mkwiyo, popeza makina alibe ana a sukulu. Anaonjezanso kamzere kamodzi pamwamba, kakuti seva ikamadzikonza izinena kuti ikudzikonza ndiponso kuti yatsala nthawi yaitali bwanji. Ankati chimene chinakwiyitsa a Mbewe tsiku lija si namwino, koma makina okhala chete.

Ambiri ankadandaula kuti khonde latsopano n'lochedwetsa. Iwo ankavomera kuti n'lochedwetsadi, n'kupitiriza kumwa tiyi wawo.

Patatha masabata awiri chiwaikire Che Lajabu m'manda, magetsi anazimanso mwadzidzidzi ndipo pulogalamu ya odwala inakana kutseguka. Mkulu wathu watsopano ndi munthu wabwino koma wachangu ngati a Mbewe. Anaitana Mayi Chikafa, anaima kumbuyo kwawo, analoza batani la pansi. Ine ndinali pakhomo, malo omwe aja. Mayiwo anadina, funso linabwera, ndipo anakankhira kiyibodi kwa bwanayo. Bwanayo anawerenga, anawerenganso kamzere ka pamwamba, kenako anapisa manja m'matumba n'kunena kuti tiyeni tidikire kaye. Tinadikira. Timagetsi tinabiriwira tokha.

Kachipinda kaja ndimatsegula ndine m'mawa uliwonse. Mpando wachitsulo wa Che Lajabu uli pomwe unali, ndi kansalu kamene ankapinda pokhalira chifukwa cha msana. Pazenera pali chizindikiro chozungulira pamene fulasiki inkakhala. Kamkeka kawo koswalira ana anadzatenga, pangotsala msomali. M'dirowa ya m'munsi muli makatoni omangidwa ndi waya wa telefoni, ndipo ya pamwamba ndi ija yakale, ya Inde ndi Ayi, yong'ambika pakati. Fani imazungulira, seva imalira mwa kachetechete kake. Kumbuyo kwa mpando kuli mpata wokwanira munthu mmodzi kuimapo. Ndimayang'ana timagetsi tinayi tija kuchokera pambali, ndikalemba m'kaundula kuti tonse n'tobiriwira, ndimatseka.